LAPUTOPU YADZUKA, KOMA INTANETI IKALI M'TULO

Kwa aphunzitsi: Nkhani isanayambe, lembani pa bolodi mau asanu awa: Wi-Fi, Sleep, Hibernate, Shut down, Restart. Ngati sukulu iri ndi laputopu, iikeni pa tebulo pamene ana onse angathe kuiona.

Mlungu watha tinaphunzira za kasamalidwe ka laputopu, ndipo tinagwirizana kuti fumbi, madzi ndi kutentha kwa dzuwa ndiwo adani ace akulu. Lero tikambirana za bvuto la mtundu wina, limene limadza popanda kanthu kosweka kapena kopsa.

Talandira kalata yocokera kwa mphunzitsi wa pa sukulu ina ya kumudzi m'cigawo ca Kum'mawa. Sukulu yao iri ndi laputopu imodzi yokha. Tsiku lina iwo anali kulemba maina a ana oyenera kulemba mayeso, kuti awatumize ku boma pa intaneti, ndipo tsiku lotsiriza kutumiza linali mawa lace. Belu la cakudya litalira, anatseka cibvundikiro ca laputopu napita kunyumba. Pobwerako anapeza maina onse alipo monga anawasiyira, koma cizindikiro ca Wi-Fi cinali citazimirira. Anazima makinawo nawayatsanso kawiri konse, osaphula kanthu. M'mawa mwace anapalasa njinga kufikira kumseu, nakwera basi ya ku Chipata, ana ao natsala tsiku lonse opanda mphunzitsi. Mmisiri wa m'tauni anagwira laputopuyo mphindi zosakwana zisanu, intaneti nibwerera. Tsono aphunzitsiwo afunsa kuti: "Kodi cinalakwika n'ciani, ndipo ndidzacite ciani cikadzacitikanso?"

Funso ili ndi la ife tonse. Kuti tiliyankhe bwino, tiyenera kudziwa zinthu ziwiri: m'mene laputopu imalankhulira popanda waya, ndi m'mene imagonera.

MAU OYENDA POPANDA WAYA

Ana inu, mau anga akufikani bwanji m'kalasi mwanu, popeza palibe cingwe cocokera kuno kufika kumeneko? Afika pa mafunde a wailesi, amene sitiwaona kapena kuwagwira. Munthu amene anatsimikiza kuti mafunde amenewa alikodi ndiye Heinrich Hertz wa ku Germany, m'zaka za 1887 ndi 1888. M'dziko lathu lino kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, ndipo m'caka ca 1949 kunafika kawailesi kochipa ka batire kochedwa Saucepan Special, popeza kanali kobulungira ngati poto. Funsani agogo anu, kapena ena a iwo akali kukakumbukira.

Wi-Fi nayonso ndi wailesi. Kusiyana kwace n'kwakuti mafunde ace ndi ofulumira kopambana, ndiponso safika patali. Wailesi ya FM imagwira mafunde apakati pa mamiliyoni 88 ndi mamiliyoni 108 pa sekondi imodzi, pamene Wi-Fi imagwira mafunde mamiliyoni 2,400 kapena 5,000 pa sekondi imodzi. Mafunde otere amafoka akakumana ndi makoma, cotero amangokwanira nyumba imodzi kapena makalasi owerengeka. Malamulo oyamba a kalankhulidwe kameneka, ochedwa 802.11, anakhazikitsidwa m'caka ca 1997, ndipo dzina lakuti Wi-Fi linayamba m'caka ca 1999.

M'kati mwa laputopu muli kacipangizo kochedwa adaputa. M'malaputopu ambiri ndi kakhadi ka mamilimita 22 m'mimba ndi 30 m'litali, kocepa kuposa bokosi la machesi. Timawaya tace tiwiri timakwera kudzera m'mahinji kufikira m'mphepete mwa sikirini, ndipo timeneto ndito mlongoti wace. Adaputa imatumiza ndi kulandira mau kucokera ku kabokosi kena kochedwa rauta, kapena ku lamya ya m'manja imene yatsegulidwa kuti igawire ena intaneti.

Tiyeni tiyerekeze motere. Laputopu ndiyo mfumu, adaputa ndiye kapaso wonyamula uthenga, ndipo rauta ndilo boma kumene uthenga umapita. Pakati pa mfumu ndi kapaso pali nduna imene imapereka malamulo a mfumu kwa kapaso. Nduna imeneyi ndi pulogalamu yaing'ono yochedwa driver. Sungani anthu atatuwa m'mutu, cifukwa tidzakumana nao kawiri-kawiri.

MAGONEDWE A LAPUTOPU

Tsopano yang'anani pa bolodi la m'kalasi mwanu. Laputopu nayo iri ndi bolodi lace lochedwa RAM, pamene imalemba zonse zimene ikucita pa nthawiyo. Bolodi limeneli liri ndi khalidwe lacilendo: magetsi akangocoka, zonse zolembedwapo zimafafanizika. Irinso ndi buku lace losungiramo zinthu, ndilo disiki, limene silifafanizika ngakhale magetsi atazima.

Mukatseka cibvundikiro, kawiri-kawiri laputopu imalowa m'tulo tochedwa Sleep. Imazima sikirini ndi ziwalo zina zambiri, nisiya mphamvu pang'ono yosunga zolembedwa pa bolodi lija. N'cifukwa cace imadzuka m'masekondi owerengeka. Tulo tina, tochedwa Hibernate, n'tozama. Laputopu imakopera zonse za pa bolodi m'buku, nizima kotheratu. Podzuka imawerenga bukulo ndi kubwezera zonse pa bolodi. Makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba ndiwo anagwirizana malamulo a magonedwe amenewa m'caka ca 1996, ndipo malamulowo achedwa ACPI.

Pa tulo ta mitundu iwiri yonseyi, mfumu imalamula kapaso kuti nayenso agone, kuti batire lisathe msanga. Mfumu ikadzuka, pali nchito zinai zoyenera kucitika motsatana. Coyamba, nduna idzutse kapaso. Caciwiri, kapaso afunefune rauta pakati pa mafunde onse amene awamva. Cacitatu, achule mau acinsinsi kuti amlole kulowa. Cacinai, rauta ipatse laputopu nambala ya keyala yace, kuti mayankho adziwe kofikira. Zonsezi zimatha m'kanthawi kocepa, ndipo ife sitiziona. Koma imodzi ikalephereka, intaneti palibe.

Cimene cimacitika kawiri-kawiri n'cakuti nchito yoyamba ija ilephereka. Mphamvu zabwerera, koma driver yaitana adaputa isanakonzeke, kapena yaiwala kuibwezera malangizo amene inataya pogona. Mfumu iri maso pabwalo, kapaso akali kuliza mkonono m'nyumba. Palibe casweka, ndipo palibe mwana amene waononga makina. Aphunzitsi, mau amenewa ndanenera inu, cifukwa ana ambiri akalipiridwa pa mlandu umene sanaupalamule.

YAMBANI MWAONA

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatsegula laputopu, musathamangire kudina mabatani. Werengani pang'ono-pang'ono kufikira 30, pakuti nthawi zina kapaso amangocedwa. Pambuyo pace yang'anani pa ngodya ya pansi, ku dzanja lamanja la sikirini, pafupi ndi koloko. Ndinena za malaputopu a Windows, popeza ndiwo ocuruka m'masukulu mwathu.

Mukaona cithunzi ca ndege, ndiye kuti wailesi ya laputopu yatsekedwa dala. Mukaona kuti batani la Wi-Fi palibiretu, ndiye kuti adaputa sinadzuke. Mukaona maina a marauta ena koma la rauta yanu palibe, kayang'aneni rautayo. Mukaona kuti laputopu yalumikizika koma masamba satseguka, bvuto liri pa keyala ija, kapena bandulo yatha.

Kenaka tengani lamya ya m'manja, muyese kulumikiza pa rauta yomweyo. Lamya ikalepheranso, laputopu iribe mlandu. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Laputopu iri ndi batire, koma marauta ambiri alibe. Magetsi akabwera, rauta imafuna mphindi zingapo kuti ikonzeke. Ipatseni nthawi. Ikakanabe, izimeni kwa theka la mphindi, muiyatsenso. Koma lamya ikalumikizika bwino, tadziwa kuti bvuto liri m'laputopu, ndipo tiyamba kuyesa njira zathu, kuyambira yapafupi.

NJIRA ZODZUTSIRA KAPASO

Njira yoyamba ndi kuzima wailesi ya laputopu ndi kuiyatsanso. Dinani cizindikiro cija ca pafupi ndi koloko, mutsegule Airplane mode, muwerenge kufikira 10, muitsekenso. Yang'ananinso mzere wapamwamba wa kiyibodi. Pamenepo pamakhala batani la cithunzi ca ndege kapena ca mlongoti, limene nthawi zina limagwira nchito pamodzi ndi batani la Fn. Malaputopu ena akale ali ndi kaswichi m'mbali, kamene kamakankhika pokha poika makina m'cikwama.

Njira yaciwiri ndiyo yaikulu m'nkhani yathu ya lero. Sungani nchito yanu, ndipo musankhe Restart. Ndibwerezanso: Restart, osati Shut down. Aphunzitsi, lozani mau awiriwa pa bolodi. Ambiri a ife tiganiza kuti kuzimiratu makina kupambana kuwayambitsanso, ndipo kale zinalidi tero. Koma kuyambira pa Windows 8, imene inaturuka m'caka ca 2012, pali kacitidwe kochedwa Fast Startup. Mukasankha Shut down, laputopu imatseka mapulogalamu anu, koma imakopera m'buku lija mkhalidwe wa mtima wace pamodzi ndi wa madriver onse, kuti mawa idzayake msanga. Cotero ngati nduna inasokonezeka dzulo, idzauka ndi msokonezo womwewo lero. Restart ndiyo imafafaniza bolodi lonse ndi kuyamba zonse mwatsopano. Apa ndipo panagona bvuto la aphunzitsi athu a kalata ija. Anazima kawiri konse, koma nthawi zonse ziwiri makina anasunga colakwa cija nacibweza. Ngati mufuna kuzimiratu kweni-kweni, kanikizani batani la Shift pamene mudina Shut down.

Njira yacitatu ndi ya aphunzitsi okha, ana angoonerera. Lozani pa cizindikiro ca Start, mudine batani la ku dzanja lamanja la mausi, musankhe Device Manager. Umenewu ndi mndandanda wa ziwalo zonse za laputopu. Tsegulani pamene palembedwa Network adapters, mufune dzina limene muli mau akuti Wireless, Wi-Fi, WLAN kapena 802.11. Pambali pace pakakhala kacizindikiro kacikasu ka ngodya zitatu, ndiye kuti ciwaloco cadandaula. Dinani dzinalo ndi batani lamanja, musankhe Disable device, mudikire masekondi 10, musankhe Enable device. Kumeneku ndiko kugwedeza kapaso paphewa. Musakhudze maina ena a m'mndandandawo.

Nanga dzinalo likasowa m'mndandanda? Pamwamba pali mau akuti Action. Sankhani Scan for hardware changes. Likapanda kuonekabe, zimiranitu laputopu mutakanikiza Shift, muzule chaja ndi zonse zolumikizidwa, ndipo mukanikize batani loyatsira kwa masekondi 30. Kutero kumacotsa timphamvu totsalira m'ziwalo, kotero kuti adaputa imayamba ngati yatsopano. Bwezerani chaja, muyatse.

Ngati laputopu yalumikizika koma masamba satseguka, iturutseni pa rautayo ndi kuilumikizanso, kuti ipemphe keyala yatsopano. Aphunzitsi ozolowera makina angayang'ane nambala ya keyalayo pa Properties ya netiweki. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinapereke keyala, ndipo laputopu yangodzipangira yace imene siifikitsa kulikonse.

KULETSA KUTI ZISABWERENSO

Bvuto likamabwera nthawi iri yonse imene mwatseka cibvundikiro, tiyenera kucotsa muzu wace. Bwererani ku Device Manager, mudine kawiri dzina la adaputa, mufune tsamba lochedwa Power Management. Pamenepo pali mau akuti Allow the computer to turn off this device to save power, ndiko kuti, lolani kompyuta izime cipangizo ici kuti isunge mphamvu. Cotsani kacongi ka m'kabokosi kace. M'malaputopu ena atsopano tsamba limeneli mulibe, popeza amagona tulo ta mtundu wina tochedwa Modern Standby, m'mene makina sazimiratu ziwalo zace monga kale. Mukalisowa musade nkhawa, pitani ku njira yotsatira.

Mungathenso kutseka Fast Startup. Pitani ku Control Panel, kenaka Power Options, kenaka Choose what the power buttons do. Dinani Change settings that are currently unavailable, mucotse kacongi pa Turn on fast startup. Dziwani kuti ciri conse ciri ndi mtengo wace. Laputopu idzacedwako pang'ono poyaka, ndipo mukaletsa adaputa kuzimidwa, batire lingathe msangako. Pa sukulu yodalira sola, muyenera kuyeza nokha cimene cikupindulirani.

Tsono tifike kwa nduna ija. Madriver amalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa ndi kukonza. Dzifunseni kuti bvuto linayamba liti. Ngati linayamba laputopu itangolandira mapulogalamu atsopano, tsegulani tsamba la Driver pa dzina la adaputa, musankhe Roll Back Driver, kuti ibwerere yakale imene inali kugwira bwino. Ngati driver ndi ya zaka zambiri, tengani yatsopano kudzera pa Windows Update kapena kwa kampani imene inapanga laputopuyo. Musatenge kwa anthu osadziwika amene alonjeza kukonza zonse mwaulere, cifukwa m'menemo ndimo mumabisala mavairasi. Mwina wina afunsa kuti, tidzaitenga bwanji popeza intaneti ndiyo yasowa? Lumikizani lamya ku laputopu ndi cingwe ca USB, mutsegule USB tethering pa lamyayo. Intaneti idzalowera m'cingwe, osadzera kwa kapaso wogonayo.

Njira yotsiriza ndi Network reset, imene ipezeka mu Settings, pansi pa Network and Internet. Imacotsa maadaputa onse ndi kuwabwezera monga anadzera, koma imaiwalitsanso laputopu mau acinsinsi onse a Wi-Fi. Musaiyese musanatsimikize kuti mau acinsinsi a rauta ya sukulu muwadziwa.

Zonsezi zikalephera, pamenepo ndipo ulendo wa kwa mmisiri uyenera. Kapena kakhadi kaja kagwedera pamalo pace, kapena kafadi. Musatsegule laputopu ndi mpeni kapena sikuludiraiva, pakuti timawaya ta mlongoti n'tosacedwa kuduka, ndipo batire likaboola lingayake moto. Podikira ulendowo, kuli tiadaputa tating'ono tolowetsa pa USB, tonga fulashi, timene tingagwire nchito m'malo mwa ya m'kati.

KABUKU KA LAPUTOPU

Ndipempha sukulu iri yonse isunge kabuku pafupi ndi laputopu. Bvuto likadza, mwana mmodzi alembe tsiku, cimene cinaoneka pa sikirini, cimene aphunzitsi anayesa, ndi cimene cinacitika. Lamulo lace ndi limodzi: sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, muyese, mulembe. Mukasintha zinthu zisanu pamodzi ndipo intaneti ibwera, simudzadziwa cimene cacititsa, ndipo mawa mudzayambanso kufufuza mumdima. Umu ndimo asayansi amagwirira nchito, ndimonso dokotala amafunira matenda. Tsiku lopita kwa mmisiri, kabuku kameneka kadzamthandiza kupeza bvuto msanga.

Kumbukiraninso kuti Sleep ndi tulo ta nthawi yopuma kapena ya cakudya cabe. Poweruka, kapena ponyamula laputopu m'cikwama, izimeni. Ndipo kamodzi pa mlungu, monga Lolemba m'mawa, sankhani Restart. Nchito yofunika, monga kutumiza maina a mayeso, musaisiyire tsiku lotsiriza.

SEWERO NDI MAFUNSO

Wailesi ikatsekedwa, aphunzitsi sankhani ana anai. Mmodzi akhale mfumu, wina nduna, wina kapaso, ndi wina rauta ataima pakhomo. Onse agone kupatula rauta. Mfumu idzuke, ndipo nchito zinai zija zicitike motsatana. Bwerezani sewerolo kanai, nthawi iri yonse nchito imodzi ilephereke, ndipo kalasi linene cimene cingaoneke pa sikirini ndi cimene lingacite.

Pambuyo pace ana ayankhe mafunso awa m'makope mwao:

1. Kodi adaputa imagwira nchito yanji m'laputopu?
2. Fotokozani kusiyana kwa Sleep ndi Hibernate, pogwiritsa nchito citsanzo ca bolodi ndi buku.
3. Chulani nchito zinai zimene zimacitika laputopu ikadzuka, intaneti isanabwere.
4. N'cifukwa ciani tiyamba tayesa ndi lamya ya m'manja?
5. N'cifukwa ciani Restart ithandiza pamene Shut down yalephera?

Kwa aphunzitsi amene anatilembera, tikuti zikomo kwambiri. Safunsa anadya phula, ndipo funso lanu lathandiza masukulu ambiri. Tikhulupira kuti tsiku lina laputopu ikadzacitanso zomwezo, njinga idzakhala pakhonde, inu mudzakhala m'kalasi ndi ana anu. Enanso amene muli ndi mafunso, tilembereni. Mlungu wamawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakambirana za mau acinsinsi: m'mene tingawasankhire, ndi cifukwa cace sitiwalemba pa bolodi. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana.